Fono ya a Mthembu

Ana anga, Tiyamike ndi Madalitso, za ubwana wanga ku Kasungu mukuzidziwa ndipo sindizibwereza. Muno ndikulemba za ntchito yokha. Kuyambira ndili Folomu 1 ndakhala ndikulemba zochitika za tsiku lililonse m'makope, ndipo chizolowezichi sindinachisiye ngakhale nditakula. Popeza tsopano ndapuma pantchito, ndatulutsa makope onse m'katoni ndipo ndikuwawerenga pang'onopang'ono kuno ku Berea, mumzinda wa Durban. Zimene anthu analankhula mu Chizulu kapena mu Chingerezi ndazilemba mu Chichewa kuti muzimve bwino.

2004, Glenwood

Ntchito yanga yoyamba ku Durban inali ya m'nyumba, kwa Mayi Ferreira, mayi wamasiye wokalamba. Ndinafika ndi satifiketi yanga ya Folomu 4 nditaikulunga bwino m'pulasitiki, ndikuganiza kuti wina aifunsa. Palibe anaifunsa. Anangondifunsa ngati ndimadziwa kusita zovala za silika. Patsamba la tsiku limenelo ndinalemba kuti: "Lero ndayamba. Si ntchito imene ndinkalota, koma ndiigwira ndi mtima wonse, ndipo penapake patseguka." Ndikawerenga mawuwa panopa ndimaseka, koma sindichita nawo manyazi.

M'chipinda chochezera munali zimbale za malemu amuna awo, zimbale zakuda zija zoimba ndi singano, zodzaza khoma lonse. Mpweya wa ku Durban ndi wachinyontho, ndipo chuku chinali chitamera m'mizere ya zimbale zambiri. Mayiwo anandiuza kuti ndizingopukuta fumbi pamwamba, koma fungo lake linkandisowetsa mtendere. Tsiku lina ndinatenga chimbale chimodzi, ndinachitsuka ndi madzi owiritsa ozizira, kadontho ka sopo ndi kaburashi kofewa, ndikutsatira mizere mmene imazungulira komanso kusamala kuti kapepala ka pakati kasanyowe. Ndinachiimika kuti chiume chokha. Nditachiimba, mayiwo anatuluka kuchipinda atagwira ndodo yawo, anakhala pansi mpaka nyimbo inatha. Kuyambira pamenepo ndinkatsuka ziwiri kapena zitatu patsiku ndikamaliza ntchito zina, ndipo ndinatero kwa zaka zinayi.

2008, kushopu

Miyendo ya Mayi Ferreira itakana, ana awo anawasamutsira kunyumba yosungirako okalamba. Zimbale zija anadzazitenga a Govender, bambo wamfupi wolankhula mothamanga, mwini kashopu kogulitsa ndi kukonza zoimbira nyimbo kumunsi kwa Berea. Anatulutsa chimbale chimodzi, anachipendeketsa pawindo, kenako china, kenako chinanso. Anafunsa kuti amatsuka zimenezi ndani. Mayiwo anandiloza. Sabata yotsatira ndinayamba ntchito kushopu.

Tsiku loyamba a Govender anaona mapepala anga, anandibwezera, n'kutseka chitseko cha kaofesi kawo. Chinali chaka chija chimene alendo ankathamangitsidwa m'madera ambiri a dziko lino. Anati, "Mapepala ako ali bwino. Koma ndikuuza chinthu chimodzi chokha, Nelly. Muno siwe Mmalawi. Wina akafunsa, uzinena kuti kwanu ndi kumtunda, ku Limpopo, m'dziko lomwe lino. Sindikufuna magalasi a shopu yanga aswedwe, sindikufunanso kasitomala andifunse chifukwa chimene sindinalembe munthu wakonkuno. Tamvana?" Ndinati tamvana. Dzina langa la Enelesi anali atalidula kale Mayi Ferreira, tsono sindinaone chachilendo kudulanso dziko.

Wina amene ankagwira ntchito mushopumo anali Bheki, mmisiri wokonza makina, Mzulu wamtali wokonda nthabwala, wochepera ine zaka zingapo. Ine ndinkamutchula Bhuti Bheki, kutanthauza achimwene, iye ankanditchula Sis' Nelly. Ndi iyeyo amene anandiphunzitsa zimene ndikuyenera kukufotokozerani kuti nkhaniyi imveke. Singano ikamayenda m'mizere ya chimbale imatulutsa mawu aang'ono kwambiri, osakwana kuyendetsa masipika. Mawuwo amayamba adutsa m'kabokosi kamene kamawakuza ndi kuwawongola, kenako n'kupita ku ampulifaya yaikulu. Kabokosi kameneka mushopu tinkangokatchula kuti fono. Mafono ena amakhala ndi mavalavu, timababu tagalasi totentha ndi kuyaka mofiirira, ndipo amenewa ndi amene anthu okonda zimbale amawafunitsitsa, chifukwa mawu a munthu amamveka ngati ali m'chipinda momwemo. Vuto lake n'lakuti fono imakuza chilichonse. Nyimbo imakuza, zolakwa imakuzanso.

Bheki anali ndi lamulo lake poyesa fono. Ankati uiyatse, uidikire itenthe kwa theka la ola, ukweze mawu singano ili m'mwamba, ndipo uyambe wamvetsera ilibe nyimbo. Ikamang'ung'udza ngati njuchi, pali waya wosalumikizidwa bwino. Ikamalira ngati mafuta akuwira m'chiwaya, pali valavu yotopa. Masana ena ndikutsuka zimbale kuseri, ndinamuuza kuti sipika yakumanzere ikulira pang'ono. Iye anati, "Eish, Sis' Nelly, iwe khala ndi sopo wako, mita yanga yoyezera magetsi ikuti zonse zili bwino." Koma ataika khutu pasipika anakumva kulirako. Anasintha valavu imodzi, kulira kuja kunatha. Kuyambira tsiku limenelo akamaliza kukonza chinthu ankafuula kuti, "Sis' Nelly, bwera udzamve!" Sichinkatuluka mushopu ndisanavomereze.

2009 mpaka 2018

Zaka zimenezi zinali za ntchito yambiri ndi zosowa zambiri. Magetsi ankathima mosinthanasinthana m'madera, ndipo akamabwerera ankabwera mwamphamvu n'kupsereza mavalavu a makasitomala amene anaiwala kuzula mapulagi. Mavalavu abwino ankachokera kunja ndipo nthawi zina ankasowa kwa miyezi. Tinkachotsa akale m'mawailesi otayidwa, Bheki ankawayeza ndi mita, ine ndinkawayeza ndi makutu, n'kuwaika awiriawiri ogwirizana. Mpweya wamchere wochokera kunyanja unkachititsa dzimbiri timiyendo tawo, choncho Lachisanu lililonse ndinkatipukuta timodzitimodzi. Makasitomala anayamba kundidziwa. Ena akalowa ankafunsa kuti, "Mayi wamakutu uja alipo?" Ndinalemba m'kope kuti, "Mulungu sanandipatse ofesi, wandipatsa makutu. Ndiwagwiritsa ntchito moona."

Mawu akuti moonawo ankandilasa, chifukwa masana aliwonse ndinkadya ndi Bheki pabenchi yake ndili munthu wa ku Limpopo. Mkazi wake ankanditumizira mandazi amene kuno amati amagwinya. Mwana wawo wamkazi atabatizidwa ndinapitako ndipo ndinakhala pamzere wa achibale. Koma Bheki yemweyo akawerenga nyuzi ankati, "Amakwerekwere awa, obwera kuchokera kunjawa, atimaliza. Mlamu wanga zaka zitatu alibe ntchito, koma pita ku Glenwood uone amene akudula maluwa." Ine ndinkatafuna mwakachetechete. Madzulo pokakwera tekisi ku Warwick ndinkamva anthu akunong'onezana Chichewa pakati pa ogulitsa malonda, ndinkadutsa ngati sindikumva. Chichewa changa chinali cha Lamlungu kutchalitchi ndi cha pafoni polankhula ndi inu.

2019, nyumba ya a Mthembu

M'chaka chimenechi chidani chija chodana ndi alendo chinabukanso, ndipo amayi awiri a kutchalitchi kwathu anagona m'chipinda changa masabata atatu atathamangitsidwa kumene ankakhala. Patangopita nthawi pang'ono, kushopu kunabwera a Mthembu, bambo wachikulire amene kale anali woweruza milandu. Anali ndi zoimbira zapamwamba zimene anasonkhanitsa moyo wawo wonse, koma fono yawo yakale inali itapsa. Ankafuna yatsopano, ya mavalavu, ndipo anati iyi ndi yomaliza, sadzagulanso ina. Mutu wa singano yawo unali wa mtundu wotulutsa mawu otsika kwambiri, umene umafuna fono yokuza kwambiri koma yosasokosa. A Govender anasankha mafono atatu, ndipo Lachisanu m'mawa tonse atatu tinakwera bakki, galimoto yonyamula katundu ya pashopu, kupita nawo ku Glenwood, chifukwa fono yabwino mushopu ikhoza kukhala yoipa m'nyumba ya mwini wake.

M'njira a Govender anandiuza maganizo awo. Panali fono yofiira, yasiliva ndi yakuda. Yakudayo inali itakhala pashelefu zaka ziwiri osagulidwa. Inali yolemera, yokongola, ya mawu onenepa, koma inkaphimba mawu onse opyapyala ngati wafunditsa bulangete pasipika. "Mkuluyu ali ndi chimbale china chakutha chimene amachikonda," anatero a Govender. "Akufuna fono yobisa phokoso lake. Yakuda imachita zimenezo. Akakufunsa, unene kuti yakuda. Sitikunama, tikumupatsa chimene akufuna."

A Mthembu anatilandira atavala tayi ngakhale anali pakhomo pawo. Bheki analumikiza mawaya, tinadikira mavalavu atenthe tikumwa tiyi, kenako tinamvetsera singano ili m'mwamba. Yofiira inalephera pomwepo, chifukwa pofuna kukweza mawu otsika aja inkalira yokha nyimbo isanayambe. Yakuda inali chete. Yasiliva inalinso chete, chifukwa inali ndi timathiransifoma tiwiri tokweza mawu asanafike kumavalavu. Tinaimba zimbale za piyano, za malipenga, ndi za kwaya ya Chizulu. Pa yasiliva ndinkamva oimba akukoka mpweya. Pa yakuda zonse zinkamveka zofunda koma zakutali. A Mthembu ankangogwedeza mutu.

Kenako anatulutsa chimbale chopanda chikuto chake, chokulungidwa m'pepala lofiirira. Kapepala ka pakati kanali katafufutika. Anati, "Ichi ndiye woweruza wa lero. Chinali cha abambo anga. Ndi amayi akuimba, chilankhulo chake sindichidziwa, koma ndakula nacho. Chinatha kalekale, chimakazinga mazira kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Fono imene ichepetse kukazingako ndi imene nditenge."

Bheki anayamba ndi yakuda. Amayi aja anayamba kuimba, ndipo nyimboyo ndinaizindikira pomwepo. Inali nyimbo ya amayi a kutchalitchi akumapita kukaona odwala, yoimbidwa mmene amaimbira kwathu kumpoto kwa Kasungu, Chichewa chosakanikirana ndi Chitumbuka. Pansi pa mawu awo pankamveka kaphokoso kofooka. A Mthembu anamwetulira n'kunena kuti, "Yebo, kwachepa." Bheki anasinthira ku yasiliva, ndipo phokoso lija linatuluka poyera. A Mthembu anakwinya nkhope. Koma ine ndinamva zimene zinali. Sikunali kutha kwa chimbale. Zinali visekese, zinayi kapena zisanu, zikugwedezeka pamodzi, ndipo chimodzi chinkachedwa pang'ono kumbuyo kwa zinzake, monga zimakhalira mayi wina akakalamba mikono. Agogo anu ankaimba chisekese. Ndinkawathandiza kudula tsekera lake.

"Mama wamakutu," anatero a Mthembu, "a Govender akuti iwe sulakwitsa. Nditenge iti?"

Ndinaganiza zinthu zambiri m'kanthawi kochepa. Ndikanati yakuda, aliyense akanapita kwawo wokondwa, ndipo bambowa akanamvera zimbale zawo zonse zitaphimbidwa mpaka imfa, pofuna kubisa chinthu chimene sichinali cholakwika. Ndinayesa njira yapakati. Ndinati, "Baba, yasiliva. Phokosolo si la kutha. Tamverani, nyimbo ikatha nalonso limatha, ndipo limayenda ndi kugunda kwa nyimbo. Ndi choimbira."

A Govender anaseka mokweza. "Ayi, Nelly, lero makutu akunamiza. Mizere yodyeka imalira pamene pali mawu pokha. Pakati pa nyimbo siilira. Si choncho, Bheki?"

Bheki anakanda mutu. "N'zoona, Sis'. Chimbale chodyedwa ndi singano yoipa chimatero. Ine ndikumva mazira basi."

A Mthembu anatembenuza mpando wawo kuyang'ana ine. Anati, "Ndakhala zaka zambiri ndikumvetsera mboni. Pali mboni yonena zimene ikuganiza, pali mboni yonena zimene inaona. Awiriwa akuti n'chakutha, ndipo ali ndi chifukwa. Iwe ukuti n'choimbira. Choimbira chanji? Unachionapo ndi maso ako?"

A Govender anandiyang'ana, ndipo ndinadziwa tanthauzo lake. Ndinayang'ana Bheki, amene anali atagwada pansi waya ali m'manja, akumwetulira poyembekeza kuti andiseke pobwerera. Ndinaimirira chifukwa sindikanatha kunena nditakhala.

"Ndinachiona, Baba. Dzina lake ndi chisekese. Amachipanga ndi mapesi a udzu wokhuthala, amawamanga mophwatalala ngati buku, m'kati amaikamo njere. Amayi anga ankachiimba. Amayi akuimbawa ndi akwathu, ku Malawi. Mawu onse ndikuwamva. Akuti konzekani, tikaone mnzathu amene wagona."

M'chipindamo munangomveka chimbale chikuzungulira kumapeto. Palibe anakumbuka kuchotsa singano. Kenako a Mthembu anati, "Ndionetse."

Pashelefu pafupi ndi makandulo awo a nthawi yothima magetsi panali bokosi lalikulu la machesi. Ndinaligwira ndi manja awiri mophwatalala, Bheki anabwezera singano poyamba osandiyang'ana, ndipo ndinayamba kuligwedeza uku ndi uku, zala zazikulu zikugunda pamwamba, mmene agogo anu ankachitira. Machesi ndi phokoso la m'masipika zinagwera pamodzi. Amayi aja akadukiza, ine ndinkadukiza nawo ndisanamve, chifukwa ndinkadziwa pamene adukize. A Mthembu anavula magalasi. Phazi lawo linayamba kugunda pansi.

Nyimbo itatha anati, "Abambo anga ankanyamula matumba a shuga padoko. Chimbalechi anawapatsa mnzawo wa ku Nyasaland pobwerera kwawo. Ine moyo wanga wonse ndimaganiza kuti munthuyo anawapatsa chinthu chakutha." Kenako anauza Bheki kuti, "Mwana wanga, chotsa yakudayo. Siya yasiliva. Ndipo uyambirenso, ndikufuna ndimve mayi uja amene chisekese chake chikuchedwa kumbuyo kwa zinzake."

Pobwerera tinafika pamaloboti a kumunsi kwa Berea. Pamenepo a Govender anaphulika. "Chinthu chimodzi! Ndinakupempha chinthu chimodzi chokha zaka zonsezi! Mkulu uja amadziwana ndi theka la makasitomala anga. Mawa lomwe aliyense adziwa. Lolemba usabwere. Ndikuimbira ndikaganiza." Bheki ankayang'ana pawindo. Titafika anatsitsa mafono awiri aja, anatenga jekete lake n'kupita osatsanzika.

Loweruka ndi Lamlungu sindinadye bwino. Ndinkaganiza za inu, chifukwa Madalitso anali asanamalize sukulu. Ndinalemba m'kope kuti, "Sindinabe, sindinaswe kanthu, sindinanamize kasitomala. Ngati akundichotsa, andichotse ndili pantchito, andiyang'ane kumaso." Lolemba ndinadzuka nthawi ya masiku onse, ndinavala yunifolomu yanga yosita, ndipo a Govender pofika anandipeza ndaima pakhomo la shopu.

"Ndinati usabwere."

"Munatero, bwana. Koma kuseri kuli makatoni awiri a zimbale za kasitomala wathu, adokotala aja, ndipo munawalonjeza Lachitatu. Mutsuka ndinu?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, makiyi ali m'manja. "Ndiwe wouma mutu ngati apongozi anga," anatero, n'kutsegula. Sanandiuze kuti ndilowe, sanandiuzenso kuti ndibwerere. Ndinalowa.

Miyezi yotsatira

Magalasi a shopu sanaswedwe. Kasitomala mmodzi, atamva, anauza a Govender kuti sakufuna ndizigwira zinthu zake, ndipo sanabwerenso. Ena awiri anabwera atatumidwa ndi a Mthembu. A Govender anadandaula za mmodzi uja kwa mwezi wathunthu, za awiriwo sanatchulepo. Koma chimene chinandipweteka chinali china. Bheki anasiya kundiitana. Ankakonza zinthu, ankaziyeza ndi mita, n'kuzikulunga yekha. Nkhomaliro ankakadyera panja. Ine ndinabwerera kukhala wotsuka zimbale chabe, monga ndinayambira, ndipo ndinkamva zolakwa zikudutsa kukhoma osatha kunena kanthu.

Sabata yachitatu ndinamutsatira kuseri kumene ankasuta. Ndinati, "Bhuti Bheki, ngati ukundida chifukwa ndine Mmalawi, nena, ndidziwe."

Anaponya ndudu pansi. "Usandipange chitsiru kawiri. Zaka khumi ndi chimodzi! Unadya za mkazi wanga. Unanyamula mwana wanga kutchalitchi. Ndinkakufunsa za ku Limpopo, iwe n'kumandiuza za mvula ya kumeneko. Ndipo zonse zija ndinkalankhula pabenchi, unkangondimvera, uli chete, ukundiweruza mumtima."

"Sindinkakuweruza. Ndinkaopa."

"Unkaopa anthu a mumsewu, sharp, ndikumva. Koma ine?"

Ndikanatha kunena kuti ayi, zikanafewa. Koma ndinali nditatopa ndi kunena zofewa. Ndinati, "Iwenso. Ukamanena mawu aja, sindinkadziwa ngati udzandisiyanitse ndi enawo."

Anandiyang'ana ngati ndamumenya mbama. Kenako analowa mkati. Ndinaganiza kuti ndawononga zotsala. Komabe m'mawa uliwonse ndinkamupatsa moni, ayankhe asayankhe, ndipo Lachisanu lililonse ndinkapukuta timiyendo ta mavalavu ake n'kuwasanja pabenchi awiriawiri. Ndinatsimikiza kuti sindipepesa chifukwa cha kwathu, ndipo sindisiya kukhala mnzake. Zinatenga miyezi iwiri ndi theka. Pa nthawiyo zinthu ziwiri zimene anakonza zinabwezedwa ndi eni ake, ndipo ndinamva a Govender akumuuza kuti mita ilibe makutu.

Tsiku lina masana, kukugwa mvula yamawawa, ndinali kuseri manja ali m'madzi. Kubenchi kunali fono ya munthu wina imene Bheki analimbana nayo kuyambira m'mawa. Ndinamva akuiyatsa, akuizimitsa, akutukwana chapansipansi. Kenako ndinamumva akufuula.

"Wena, iwe wa ku Malawi!"

Ndinapukuta manja, ndinapita kukaima pakhomo. Sanatembenuke. Anakankha kampando ndi phazi kuti kabwere kumene ndinali.

"Muno muli kenakake," anatero. "Sindikudziwa ngati n'cholakwika kapena ndi amayi akwanu enanso. Bwera udzamve ndisanachotse choimbira cha munthu."

Ndinakhala pansi, ndinatseka maso. Kumanja kunkang'ung'udza pang'ono kwambiri, ndipo ukayandikitsa dzanja kubokosi kunkakula.

"Amenewa si akwathu," ndinatero. "Waya wapansi wamasuka."

"Eish," anatero Bheki, akutenga chowotcherera. "Usachoke. Ndikamanga umvenso."